Chidindo cha Pakhomo

Zaka makumi atatu ndinakhala pakhomo la holo,
pa boma, kuseri kwa msika:
tebulo lopendekeka, mbale ya matambala,
ndi chidindo cha nsomba yoduka mchira.
Ukalipira, ndimakudinda pamkono, lowa.
Bandi sindinkaiona ine.
Ndinkaimva ndi msana, nditatsamira chitseko.

Oyamba anali a Ziphaliwali Zinayi.
Anatsika pa lole ya fodya
chaka chomwe ndinasiya sukulu.
Wa gitala, Twaibu Likwanya,
anali atapinda tsitsi lake lalitali m'chipewa cha ubweya,
mu Okutobala, dzuwa la Mangochi mukulidziwa,
kuopa lumo la boma.
Pa nyimbo yachitatu chipewa chija chinagwa.
Ine ndinangomva mfuu.
Wapolisi amene anaima pambali panga
anawerama, kumanga chingwe cha nsapato,
anachimanga mpaka nyimbo inatha.

Gitala imeneyo sinkaimba ayi,
inkalira ngati macheka m'mlombwa wauwisi,
malata n'kumayankha, misomali n'kumasuka.
Che Mkwanda a sitolo anati n'zaziwanda.
Loweruka linalo anafika oyamba,
atanyowetsa ndevu ndi mafuta onunkhira,
nandipempha ndiwadinde m'mwamba, pobisika ndi malaya.

Kenaka Ana a Njanji, ochokera ku Balaka.
Ng'oma yawo yaikulu inang'ambika masana,
anaisoka ndi chikopa cha mbuzi cha kwa butchala,
usiku wonse holo kununkha khola.
Magetsi anazima pakati pa nyimbo.
Palibe anatuluka.
Wang'oma sanaleke, anthu anaimba mbali ya gitala ndi pakamwa,
mazana atatu mumdima, neee, neee,
ndipo mpaka lero ndimati
bandi yopambana inali imeneyo.

Anyamata opanda ndalama ndinkawadziwa.
Wina amalipira, n'kutuluka ngati akukataya madzi,
kunyambita mkono, kuukanikiza pa wa mnzake.
Koma nsomba yobayo imayang'ana chammbuyo.
Ndinabweza ambiri.
Mmodzi, wa ku Malindi, wamakutu otambalala,
Amidu,
anandionetsa nsomba yake yobwerera
osaphethira n'komwe.
Ndinamuloleza.
Anabweranso, nsomba ikubwererabe,
mpaka malume anga analandira anthu a kwawo.
Ngongole ya pakhomo sanalipire, bamboyo,
wagona nayo ku manda a kwa Mponda.

Itasintha mphepo, atsikana analowa atavala mathalauza,
ine kuyang'ana kumbali, kenaka kugula langa.
Makaseti anayamba kugulitsidwa patebulo panga pomwe,
tambala inatha mphamvu, mbale inadzaza mapepala.
Mabandi anachepa anthu:
asanu ndi awiri, anayi,
potsiriza mnyamata mmodzi ndi kiyibodi
yodziimbira yokha ng'oma iye akuyankha foni.
Twaibu anadzabweranso kamodzi, dazi lili ng'aa,
chipewa sichinafunikenso.
Ndinadinda anthu khumi ndi asanu ndi anayi.
Anaimba ngati tadzaza bwalo la mpira.
Pomaliza anatuluka, nanditambasulira mkono:
Abiti Sumani, nanenso ndidindeni,
sindinalowepo ngati munthu.

Lero m'holomo muli matumba a feteleza
ndi mlonda wosadziwa kanthu.
Khutu lakumanzere limandilirira lokha,
ku chipatala akuti ndi ukalamba.
Ine ndikuti ndi waya wa Twaibu, sanazimitse.

Mwana wa mchemwali wanga wandipezera nyimbo zina pa foni,
zaphokoso ngati zomwezo, za azungu a tsitsi.
Akuti ikani kukhutu.
Ndamuuza, iwe, kweza,
undiike kamsanaku, pakati pa mapewa.
Akuseka.

Chidindo chili m'chitini cha mabatani.
Inki inauma kalekale.
Dzulo ndinachinyowetsa ndi malovu,
n'kukanikiza pamkono panga.
Panatuluka mutu wokha ndi diso.