Mlembi wa Khonsolo

Zaka khumi ndi zinayi ndili pa mpando wakumapeto,
pafupi ndi makina a khofi,
mu holo ya katauni kathu kano ku Arkansas,
kulemba zimene akuluakulu anena.
Sindikhulupirira Mulungu.
Amene amadziwa ndi galu wanga yekha,
ndipo iye mpingo wake ndi wa aliyense wagwira soseji.

Lachiwiri lililonse a Meya Lurleen Pruitt amati,
"Tiweramitse mitu."
Onse amatsinzina. Ine maso ali tong'o,
ndiye ndimaona zambiri:
a Tackett akusuzumira mpira pa foni kunsi kwa tebulo,
a Boyce akutokosa m'mano ndi khadi la kubanki,
ndi mayi wina kumbuyo uko, naye osatsinzina.
Tinaphana maso kamodzi. Tinachita manyazi
ngati madikoni awiri okumana ku bala.

Pa mndandanda ndimalemba zoona:
opezeka, asanu ndi awiri.
Woitanidwa koma osabwera, mmodzi.
Sanatumize kalata yopepesa.

Nkhani yoyamba, dzenje la mu msewu wa Depot.
Lameza kale matayala anayi
ndi njinga ya mnyamata wogawa nyuzipepala.
Ndalama yokonzera? Palibe.
Inapita ku chimwala cha Malamulo Khumi
chimene tinaimika pa kapinga wa kukhoti,
ndipo wosema wake, mlamu wawo wa a Tackett,
anatilipiritsa kawiri pa mawu akuti Usabe.

Khonsolo inagwirizana kulipempherera dzenjelo.
Ndinalemba.
Lachinayi kunagwa mvula. Dzenje linabatizidwa,
linakula m'chikhulupiriro,
lero muli kwaya ya achule.

Nyengo ya chisankho Yesu sapuma.
Ali pa chikwangwani cha a Pruitt, alinso pa cha a Boyce,
aliyense akuti anauzidwa m'tulo kuti aime,
usiku womwewo, mpando womwewo.
Mmodzi anapambana ndi mavoti makumi atatu:
chifuniro cha Ambuye.
Winayo analemba loya
kuti chifunirocho chiwerengedwenso.

Nthawi zina ndimaganiza, atalowa mwini wakeyo,
fumbi lili mbuu kumapazi,
n'kuima pa maikolofoni ya anthu wamba.
Ndingampatse mphindi zitatu monga mwa lamulo.
Angayambe zija za kugulitsa zonse n'kupatsa osauka,
a Boyce n'kukweza dzanja:
Bamboyu ndi wa kuno? Khungu limeneli, tsitsi limeneli,
ali ndi mapepala?
Nanga anthu zikwi zisanu anawadyetsa aja,
laisensi ya zaumoyo anaitenga kuti?

Koma ndisaname, popeza ntchito yanga ndi maminiti.
Chaka chija chisanu chinathyola mawaya a magetsi,
amene anatsegula chitseko ndi amayi a ku Baptist.
Supu wa nyemba, mabulangete onunkha kabati.
Mayi Odessa Crabtree anandigwira dzanja popemphera,
dzanja lawo lozizira kuposa langa.
Ndinati Ameni.
Ndinkafuna mbale yachiwiri, inde,
koma sizinali zokhazo.

Loweruka lapitali, anthu atagona,
ndinatenga fosholo, tochi ndi matumba atatu a phula.
Achule ndinawapepesa.
Ndinathira, ndinapondaponda, ndinatukwana pang'ono
dzina la amene kulibeyo,
mpaka msewu unasalala ngati pamphumi pa a Tackett.

Lachiwiri a Meya anaimirira, misozi ili m'maso.
"Abale, pemphero layankhidwa!"
Holo yonse m'manja.
A Boyce anapempha kuti pamalopo paikidwe chikwangwani,
mlamu uja akuti mtengo atiuza mawa.
Mayi wosatsinzina uja anayang'ana zikhadabo zanga zakuda,
anayang'ananso kudenga, osanena kanthu.

Ndinalemba: Pemphero layankhidwa. Onse avomereza.
Msana ukundiwawabe.
Lisiti ili m'thumba, madola makumi anayi ndi awiri,
ndipo sindikudziwa kokaipereka,
kwa msungichuma
kapena m'mbale ya chopereka.