Loweruka pa Dobongsan

Ndinalembetsa dzina Lachitatu,
nsapato zikadanunkha sitolo.
Loweruka basi inatitula patsinde pa Dobongsan
kusanache, anthu khumi ndi anayi,
ine ndekha wosamva nthabwala zawo.

Mayi Gil-ja, a zaka makumi asanu ndi awiri,
anandipitirira ngati ndine chitsa.
Mtima unkagunda m'makutu.
Pathanthwe la chingwe chachitsulo
ndinakumbuka malemu mkazi wanga,
amene ankaopa ngakhale makwerero,
ndipo ndinaseka, mawondo ali gwedegwede.

Pamwamba, Seoul yense anali utsi wotuwa.
Palibe amene anafunsa chondibweretsa.
Deok-su anathyola nkhaka pakati
nandipatsa mbali yaikulu.
"Potsika ndiye pamapweteka," anatero.

Sananame.
Lolemba masitepe a kwathu
ndinawatsika chafutambuyo.