Chidule cha Pamalire

Usiku uno ndatsala ndekha ku Slough,
m'nyumba yopanda mawindo
momwe mafani amalira osapuma
ndipo timagetsi tobiriwira timaphethira m'mashelefu achitsulo.
Gethin watsikira pansi kukasaka khofi.
Wandisiyira mpando wofunda ndi marauta makumi anayi.

Marauta ndi aulemu, ndikuuzeni.
Masekondi khumi alionse amapatsana moni:
ndilipo, kaya inu anzathu.
Moni ukasowa kanayi
amangoti mnansi watisiya,
osadikira kalata yakuchipatala.

Cha m'ma thuu koloko chingwe chinaduka ku Reading.
Kaya khoswe, kaya okumba msewu.
Rauta yapafupi inalemba kakalata:
ndine uje, njira yakuti yatsekeka, nambala ya uthenga nayi.
Inapatsira anansi ake onse,
iwo nakopera, napatsira awo,
kusiya yekhayo amene wawauza,
pakuti mwini maliro sauzidwa zovuta.
Wolandira kawiri amayang'ana nambala
n'kutaya yakaleyo mwakachetechete.
Ndisanameze malovu dera lonse linali litamva,
aliyense atajambulanso mapu ake,
khomo ndi khomo, chingwe ndi chingwe,
mtengo wa njira iliyonse.

Koma pamalire pali ina
ya mwendo umodzi kuno, wina m'dera la ziro,
msana womwe madera onse amakoloweka nthiti zawo.
Imeneyo siwolotsa miseche.
Imapinda nkhani yonse ngati mpango
n'kulemba mzere umodzi:
kwakuti kukufikika, dzerani mwa ine, mtengo wakwerako pang'ono.
Za khoswe, zii.
Ndipo chidulecho sichidumpha mpanda,
chimayamba chakwera pamsana, kenako n'kutsikira kwina.
A ku Leeds sadzamva dzina la chingwe chija.
Kuli kadera kena kumapeto, cha ku Truro,
komwe ngakhale chidule sichifika.
Anangouzidwa kamodzi:
chilichonse chokuzunguzani, tumizani kuno.

Foni inanjenjemera m'thumba.
Akuzike, ku Eriya 25,
poti kwathunso madera ali ndi manambala.
Wadzuka m'mbandakucha kutchera madzi
mpopi usanasinthe maganizo.
Achimwene, kwacha bwanji kumeneko?

Dera langa ndimalidziwa lonse:
nkhungu yakuda pakhoma la chipinda changa ku Chalvey,
lendi yokwera mwezi wamawa,
viza yotsala miyezi isanu,
dzino lam'mbali lomwe ndimalizemba potafuna,
basi yomaliza yomwe inandisiya pamvula Lolemba,
dzina langa lomwe abwana amalidula pakati
ngati nzimbe yogawana.
Chala chinaima pagalasi.
Ndinalemba:
Ndili bwino. Ndalama ifika Lachisanu.

Anayankha msanga:
Kunonso tonse tili bwino.
Ndinawerenga katatu,
kufunafuna pomwe mtengo wakwera.
Kaya ndi shuga wa bambo,
kaya fizi ya Mwatitha,
kaya denga lija lakukhitchini.
Mlongo wanga anaphunzira kuti ntchito yanga?
Sanakhudzepo rauta chibadwire
koma waima pamalire zaka zisanu ndi chimodzi,
akupinda, akupinda.

Chinanso chomwe makinawa amachita:
uthenga uliwonse umakalamba.
Theka la ola likatha mwini wake ayenera kuubwereza,
ndikadalipo, njira ikadali yomweyo.
Ola likakwana ali chete
onse amaufufuta, popanda kukhuza.
Msuweni wanga Chiletso wa ku Luton
sanabwereze chichokere Pasaka.
Nambala yake imangoitana.
Ine njira yake ndikuisungabe,
ndiye mwina ndine makina owonongeka.

Chitseko chinalira. Gethin,
makapu awiri apepala, limodzi likudontha.
Anasuzumira pasikirini, pobiriwira ponse,
magalimoto a mauthenga atapeza kale msewu wina.
Chachitika chilichonse? anafunsa akuyasamula.

Palibe, ndinatero,
n'kulandira kapu yodonthayo.