Mita Imodzi ndi Theka

Anandiuza kuti ndi ntchito yopepuka:
misonkhano inayi pa chaka, botolo la Fanta, alawansi palibe.
Ndinasaina. Dzina langa linakhala lachisanu
pansi pa mawu akuti matrasti,
ine Abiti Sumani, wopuma ntchito ku positi ofesi,
amene moyo wonse ndinkadinda makalata a anthu ena.

Ndinkayesa ndizikwera mapiri a ku Chowe,
ndodo m'manja, kuwerenga njira ngati mbuzi zanga.
Koma ayi. Ndi malisiti.
Lisiti la kabaza, lisiti la fotokope,
lisiti la penti yofiira yolembera miyala,
ndi siginecha yanga imene a kubanki amaikana
chifukwa dzanja layamba kunjenjemera.

Bungwe lathu lilibe galimoto.
Lili ndi chidindo, buku la maminitsi,
ndi mapu akale amene chiswe chinadya kumpoto konse.

Ndiye kunabwera nkhani ya kwa Mponda.
Njira yotsikira ku Shire, ya pakati pa milambe iwiri,
tinadzuka m'mawa wina itatsekedwa ndi mpanda wa njerwa,
mabotolo oswa pamwamba akung'anima ngati mano.
Amayi a mabeseni anayamba kuzungulira kumsika,
makilomita awiri, zovala zonyowa zikudonthera kumsana.

Loya anati: bweretsani umboni woti panali njira.
Umboni? Njira ili ndi chiphaso kodi?
Tinayenda khomo ndi khomo ndi kope la kusukulu.
Che Likoswe anati anadutsapo atasenza jeneza la bambo awo.
Mwanaisha anatiwonetsa chipsera cha pabondo,
anagwa pamenepo ali sitandade thu.
Zala makumi asanu ndi limodzi zinadinda papepala,
inki itatha tinathiramo madzi.

Tsiku la msonkhano, m'kalasi yobwereka,
mlembi anawerenga dzina la amene anagulitsa malowo.
Ndinalidziwa asanamalize kulitchula.
Twaibu. Mlongo wanga, bere limodzi,
amene anandilipirira fizi ndi ndalama za utaka.

Malamulo athu, tsamba lachitatu, ndinawataipa ndine:
trasti amene nkhani ikumukhudza anene, kenaka atuluke.
Ndinaimirira. Ndinanena.
Mawu anatuluka ngati a munthu wina.
Ndinatseka chitseko kumbuyo kwanga.

Panja dzuwa la Okutobala linali paliwombo.
Ndinakhala pakhonde, kumva mipando ikukhwekhwereza m'katimo,
kuyang'ana nyerere zili pa ulendo wawo,
zikulowa pansi pa chitseko osaodira aliyense.
Mphindi makumi anayi.
Ndinatambasula manja kuti ndipemphere,
osadziwa kuti ndipempherere mbali iti.

Anavota kuti tipite kukhoti.
Nkhani sinafike n'komwe kwa woweruza;
mwini mpanda, atatopa ndi makalata athu,
anatuma anyamata kugumula ngodya imodzi.
Mita imodzi ndi theka.
Ndinayeza ndekha ndi tepi yobwereka kwa telala.

Twaibu sandipatsa moni.
Pa Idi anatuma mwana kudzabweza mbale yanga,
mpunga uli momwemo, wosakhudzidwa.
Mlamu wanga amati ndinasinthanitsa magazi ndi kanjira kafumbi.
Mwina. Ndafufuza m'malamulo onse,
tsamba loyankha zimenezo sindinalipeze.

Dzulo ndinapita kukapaka penti pamwala wa polowera.
Kunatulukira mtsikana, beseni pamutu, mwana kumbuyo,
chigongono chikukhula njerwa.
Anandiyang'ana, nkhalamba yogwada ndi bulashi m'manja,
nati, “Tapatukani mayi, mwatseka njira.”

Ndinapatuka.

Kunyumba ndinatsegula buku ndi zala zofiira:
penti, chitini chimodzi.
Lisiti lilipo.