Chitseko Chobiriwira

Ndinaligula pansi, m'mbali mwa msewu wa Cairo,
pakati pa nsapato za salaula ndi machaja a foni,
makwacha khumi ndi asanu, nditanenerera.
Chikuto chinali chitapita kale,
dzina la mlembi linapita nacho.
Wogulitsa anati, bwana, chikuto sawerenga.

Ine ndine mlonda ku Kabulonga.
Usiku ndi wautali ngati mzere wa kuchipatala,
agalu a abwana amagona ine ndisanayasamule.
Ndinaliwerenga ndi tochi ya foni, magetsi atazima,
nkhani ya mkazi wokwera sitima kukasaka mlongo wake
amene anapita kumigodi osalembanso kalata.
Tambala woyamba wa ku Kalingalinga akulira
ndinafika pomwe mkazi uja akugogoda pa chitseko chobiriwira.
Kutembenuza tsamba: palibe.
Wina anang'amba masamba omaliza,
kaya anakulungira mtedza, kaya anakolezera mbaula.

Ndinatukwana, Mulungu andikhululukire.

M'mawa ndinalipereka kwa Tikambenji
wa m'kanyumba kotumizira ndalama pa Kamwala.
Iye ndiye anandibwereka chaka chatha
lija la wapolisi wodwala shuga,
ndinalisunga miyezi inayi mpaka anasiya kundipatsa moni.
Ndinati, ili ndi lobwezera mangawa.
Za kumapeto sindinamuuze.
Lachinayi anandiimbira: Iwe mfiti!
Kenako anatsitsa mawu: mlongo uja anafa,
sunaone mmene mlembi akutchulira mvula?

Masauso, kondakitala wa basi za ku Matero,
analiwerenga chidutswachidutswa pa Kulima Tower
podikira kuti basi idzale.
Analibweza likununkha dizilo,
tsamba 90 lili ndi chidindo cha chala chake chachikulu.
Akuti ayi, munthuyo ali moyo, ali ndi mkazi wina,
n'chifukwa chake chitseko chachedwa kutseguka.
Amuna ndimawadziwa, akutero,
ndimawanyamula tsiku lililonse.

Anesi a Mutinta salankhula zambiri.
Analitenga pa ntchito ya usiku
n'kulibweza atalimata pamsana ndi pulasitala wa mabala,
m'kati ataikamo kapepala:
Adzatsegula ndi mwana, mphumi ngati ya bambo ake.
Pansi pake: Muli nalo lina? Lisakhale la matenda.

Tsopano Loweruka timakumana kuseri kwa kanyumba ka Tikambenji,
aliyense ndi kathumba kake.
Palibe wapampando, palibe msonkho.
Masauso amakakamiza aliyense la akazitape, lonenepa ngati njerwa.
Tikambenji amati moyo ndi waufupi,
mundipatse lachikondi, koma lolizitsa.
Zondani, mnyamata wopukuta nsapato,
anayamba n'kumvetsera chabe, burashi ili m'manja.
Lero wapita ndi la ndakatulo lomwe ine linandikanika,
akuti ndinaliwerenga mothamanga
ngati munthu wothawa ngongole.

Mwezi watha pa msika wa Soweto ndinaona lina,
lomwelo, lathunthu, chikuto chikunyezimira.
Ndinalizindikira ndi mzere woyamba.
Chala chinali chitafika kale kumapeto,
makwacha makumi anayi ali m'thumba,
mtima uli phaphapha.
Ndinalibweza pamulu.
Ndinagula tomato ndi sopo.
Anzanga sindinawauze, ndipo musawauze.

Lathu lija sabata ino lili ku Chawama
kwa apongozi a Masauso,
amene akuti tonse ndife ana,
mkaziyo wangolakwitsa nyumba.
Ine ndili pano pa geti, mphepo ya Juni ikulowa m'jekete,
batire latsala pang'ono kutha,
ndipo mkazi uja akadagogodabe.