Nambala 063

Lachiwiri lililonse ndimakwera kombi ya ku Mufakose
kusanache, m'mimba muli pululu,
poti magazi amafuna a munthu wosadya.
Kondakitala anandizolowera:
"Sekuru, ku Pari?" Ine ndimangogwedeza mutu.
Mawu ndimasunga. Anakwera mtengo
chimangireni msasa chotupachi pammero panga.

Pepala lija linali la masamba khumi ndi anayi,
Chingerezi mbali iyi, Chishona mbali inayo,
chilankhulo cha amayi anga munalibe.
Sista Chikwanha anandiwerengera mosathamanga,
chala chikuyenda kunsi kwa mizere
ngati nyerere yosenza chiwala.
Anati, mankhwalawa ndi atsopano, sitinawadziwe bwino.
Anati, mwina akuthandizani, mwina ayi.
Anati, mukafuna kusiya mungosiya,
palibe adzakutsekereni chitseko.
Zaka makumi asanu ndi limodzi ndakhala mumzinda uno
ndipo aka kanali koyamba munthu wa yunifolomu
kundiuza kuti ndikhoza kukana.

Ndinakumbuka atate.
Anachoka ku Ntakataka ndi bulangete limodzi,
nakadinda chala pa pepala la mwini fodya
lomwe palibe anawawerengera.
Ankati inki ija idalowa mpaka m'fupa.
Ine ndinapempha cholembera.
Ndinalemba ndekha, dzanja likunjenjemera:
Lufeyo Kambalame.
Kenaka anandipatsa nambala,
kuti dzinalo lisamayende m'maofesi a anthu.

Dolika, mwana wanga, anakalipa pa foni:
"Akusandutsani khoswe woyeserapo, ababa!"
Ndinamulola amalize.
Khoswe safunsidwa, mwanangu.
Khoswe sapita kunyumba ndi pepala kukaganiza sabata yathunthu.

Gulu limene ndili sindilidziwa.
Kompyuta ndiyo inachita maere.
Ngakhale Dokotala Gwaze sadziwa
ngati m'thumba lachiwiri lolendewera lija
muli mankhwala atsopanowo kapena madzi amchere chabe.
Ena zimawakwiyitsa. Ine ayi,
ndasoka nsapato pansi pa mtengo zaka zambiri.
Ukafuna kudziwa ulusi wolimba
soka phazi lamanja ndi wakale, lamanzere ndi watsopano,
mwini wake usamuuze,
angayambe kuponda mokondera.
Msewu ndiwo udzanene.

Dontho. Dontho. Maola atatu.
M'kamwa mumakoma dzimbiri.
Pampando woyandikana nane pankakhala Mai Zvisinei a ku Epworth,
akuluka chipewa chobiriwira ndi dzanja lopanda singano ya dilipi,
linalo likungogwirizira.
Ankandiseka Chishona changa chopindika,
ine ndinkawaphunzitsa kunena kuti "ndalimba."
Masabata asanu ndi awiri.
Lachiwiri lina pampandopo panakhala mnyamata wa mahedifoni.
Sindinafunse. Sista sananene.
Ndinangoona faelo yokhuthala ikutuluka
m'manja mwa kalaliki, ataigwira ndi manja awiri.
Nayonso akaiwerenga, akuti.
Nayonso ili m'chiwerengero.

Usiku magetsi akazima ndimawerengera ndekha:
sikelo yati ndatsika makilo awiri,
chithunzi chati chotupa sichinakule, sichinachepe,
chaima ngati bulu pamlatho.
Sindine wolimba mtima.
Ndinasaina chifukwa ndikufuna kukhala moyo,
zina zija za anthu a mawa
zinabwera pambuyo, ngati chenji.

Koma dzulo ndameza nthochi, theka lathunthu,
yosaponda, yosasungunula ndi madzi.
Ndinakhala chete kuimvetsera ikutsika.
Lero ndauza Sista, ndipo walemba m'buku,
tsiku, ola, ndi mawu akuti theka.
Kaya ndi mankhwala, kaya ndi mwayi wa tsiku limodzi,
iye sanalonjeze kanthu.

Akuwerama kuchotsa singano
ndaona chidendene cha nsapato yake yakumanzere
chadyeka mbali imodzi, poyenda m'makhonde muno.
Ndati, mubwere nayo Lachiwiri.
Waseka. Ndati, sindikuseka ine,
Lachiwiri ndibwera ndi ulusi.