Majezi pa Chingwe

Lolemba m'mawa ku Ulongwe, chisanu cha Juni chikuluma zala,
ndanyika majezi a anyamata apakoleji m'beseni.
Madzi afiira nthawi yomweyo.
Tagonjanso Loweruka. Kachisanu ndi chimodzi tsopano.

Kuseri kwa mpanda, pa baraka ya Faustino,
mlandu wayamba tiyi asanawire.

"Mista Gervasiyo achoke!"
Mawu a Anselmo amenewo, wa chaka chachiwiri,
amene mpira amaumenya ndi pakamwa.
"Munthu wophunzitsa mapu ndi mitsinje
angadziwe chiyani za kutchinga kumbuyo?
Zitatu kwa duu! Pakhomo pathu!
Kutimwetsa anyamata a ku Domwe
obwera pa lole ya kabichi!"

Faustino akupukuta kapu, sakufulumira.
"Chaka chatha mudamunyamula pamapewa, inu nomwe,
mpaka chipewa chake chidagwera m'ngalande.
Wasintha ndi iye kodi, kapena miyendo ya anzanuwo?"

"Chaka chatha kutsogolo kudali Bonifasiyo,"
akutero Selestina, amene amalemba zigoli zonse
kumapeto kwa kope la masamu.
"Adamaliza, ali ku Moatize, akuphunzitsa ana a anthu a m'migodi.
Timu yonse idali Bonifasiyo.
Mista ankangoimba wezulo."

Wina akuti vuto ndi refu.
Wina akuti goloboyi ali pachibwenzi, maso ali kunja kwa bwalo.
Wina watsitsa mawu: pagolo la kumpoto
pali chimene adakwirira usiku.
Onse akuseka, koma palibe wakana.

Ine sandifunsa. Ndine wochapa.
Koma nsalu sinama.

Nambala folo yang'ambikanso m'khwapa,
thukuta lake sopo wagonja nalo;
mwana ameneyu adathamangira anthu atatu.
Sikisi ili ndi magazi pakolala
ndi dothi la bwalo lonse kumsana.
Naini, ya uja amakweza manja kumwamba
mpira ukamufika mochedwa,
ndikadatha kuipinda osaichapa.
Ikununkhirabe perefyumu.

M'sakamo mudatsalanso jekete la Mista.
M'thumba ndapezamo kapepala konyowa:
mizere, mivi, timitanda,
mayina ofufutidwa n'kulembedwanso n'kufufutidwanso.
Kuseri kwake ndi risiti.
Mipira iwiri, pampu imodzi, mametikali a m'thumba mwake.

Sindikuti ndi katswiri, ayi.
Nanenso ndidakuwa Loweruka
atatulutsa Kasiyano, yekhayo amene ankaluma,
n'kulowetsa kamnyamata koopa mpira ngati khala la moto.
Pamenepo adalakwa,
ndipo ndimuuza pomupatsa jekete lake.

Kenaka belu la njinga, ngili ngili.
Baraka yonse zii.
Makapu onse akwera kukamwa nthawi imodzi.

"Bondiya, Mista."
Woyamba kupereka moni ndi Anselmo.

Mista watsitsa phazi limodzi pansi,
choko chili mbuu pa thalauzi, maso ofiira ngati sadagone.
"Ndakumvani kuchokera pa mphambano paja.
Zina mukunena zoona.
Anselmo, kumbuyo cha kumanja kulibe munthu.
Lachitatu folo koloko, ubwere ndi nsapato."

Anselmo wagwira bondo.
Akuti lidayamba kale, adokotala adamuletsa.
Selestina watsegula kope lija, akulemba kanthu, akumwetulira.

Njinga yapita. Isanakhote n'komwe
mlandu wayambiranso pomwe udalekera,
koma tsopano akuti ndi udzu wa pabwalo,
akuti ndi nyemba za kukhitchini.

Ine ndafinya, ndayanika.
Khumi ndi limodzi pa chingwe chimodzi,
goloboyi kumapeto, yekhayekha ngati masiku onse.
Mphepo yochokera kuphiri yafika,
yawalowa m'mimba, yawatukumula zifuwa,
ndipo taonani:
onse akuthamangira mbali imodzi,
naini yemwe.

Chiyambire chaka chino
sindidawaonepo akugwirizana chonchi.